Mafunso a Owerenga: Kodi Wotchi ya M'kompyuta Imaona Kanthawi Kochepa Motani?

FUNSO: Akonzi, ndine wophunzira za makompyuta pa University of Malawi kuno ku Chirunga. Tinapatsidwa ntchito yolemba pulogalamu ya Python yosanja mayina motsatira alifabeti, ndipo tinauzidwa kuti tiyezenso nthawi imene pulogalamuyo ikutenga. Ine ndinagwiritsa ntchito time.time() pa laputopu yanga ya Windows, kuwerenga nthawi ntchito isanayambe ndiponso itatha, kenaka n'kuchotsera. Chodabwitsa n'chakuti nthawi zambiri yankho likutuluka 0.0, mwa apo ndi apo likutuluka 0.0156, ndipo palibe nambala ina ya pakati imene ikuoneka. Mnzanga wina wa ku Chikanda anandiuza kuti ndigwiritse ntchito time.time_ns() chifukwa imatulutsa manambala 19, ndiye kuti ndi yolondola mpaka pa nanosekondi (gawo limodzi mwa magawo biliyoni a sekondi), koma nditayesa ndinapezanso ziro kapena nambala ya pafupifupi 15,600,000. Aphunzitsi analemba papepala langa kuti ndikusokoneza precision ndi resolution. Kodi kusiyana kwake n'kotani, ndipo kodi laputopu yangayi ndi yowonongeka? Wophunzira wa chaka chachiwiri, Chirunga, Zomba.

YANKHO: Laputopu yanu ilibe vuto lililonse, achimwene, ndipo aphunzitsi anu aloza penipeni pamene pagona nkhani. Nambala ya 0.0156 imene ikukuzunguzaniyo si ya pulogalamu yanu ayi, koma ya Windows. Mukatenga sekondi imodzi n'kuigawa magawo 64 mupeza 0.015625, yomwe ndi nambala yomweyo isanadulidwe.

Kompyuta sidziwa nthawi mwa njira ina iliyonse koma kuwerenga. M'kati mwake muli kamwala ka quartz kamene kamanjenjemera pa liwiro lokhazikika kakapatsidwa magetsi, ndipo pambali pake pali kachipangizo kowerenga kunjenjemerako. Kuchokera pa kuwerenga kumeneku Windows imadzutsidwa maulendo 64 pa sekondi iliyonse, pokhapokha ngati pali pulogalamu ina imene yapempha kuti izidzutsidwa pafupipafupi kuposa apo, ndipo ulendo uliwonse ikadzuka imawonjezera pa nambala ya nthawi imene imasunga. Pakati pa kudzuka kumodzi ndi kwina nambalayo imangokhala chiimire. Pulogalamu itafunsa nthawi maulendo chikwi mkati mwa mpata umenewo, ingayankhidwe nambala imodzimodziyo maulendo onse chikwi. Pa Windows, kufikira Python 3.12, time.time() ndi time.time_ns() zonse ziwiri zimatunga pa nambala yomweyi, n'chifukwa chake malangizo a mnzanu sanasinthe kanthu. Windows imalemba nthawi m'timagawo ta mananosekondi 100 kuwerenga kuyambira pa 1 Januwale 1601, Python imaisandutsa kukhala mananosekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970, ndipo pamenepo manambala 19 amatuluka ndithu, koma nambala yaitaliyo imasuntha modumpha, mtunda wa mananosekondi opitirira 15 miliyoni ulendo umodzi.

Tiyerekeze kuti pulogalamu yanu imatenga mamilisekondi atatu, ndiye kuti masekondi 0.003. Mwayi woti kudumpha kwa wotchi kugwere mkati mwa mamilisekondi atatuwo ndi 3 pa 15.625 (poti kudumpha kumodzi ndi mamilisekondi 15.625), kutanthauza pafupifupi ulendo umodzi pa maulendo asanu alionse. Kukagwera mkati mumapeza 0.0156, kukagwera kunja mumapeza 0.0, ndipo palibe ulendo ndi umodzi womwe umene mudzapeze 0.003, ngakhale kuti imeneyo ndiye nthawi yeniyeni. Chosangalatsa n'chakuti mutayesa maulendo ambirimbiri oyamba pa nthawi zosiyanasiyana, n'kutenga avereji ya mayankho onse kuphatikizapo maziro aja, mudzafika kufupi kwambiri ndi 0.003. Choncho maziro anu sanali opanda ntchito. Kuchuluka kwake kunali kukuuzani kale kuti pulogalamuyo imatha msanga kuposa kudumpha kumodzi kwa wotchi, ndiponso kuti imatha msanga motani.

Resolution ndiye mtunda wa kudumpha kumeneku, kagawo kochepetsetsa ka nthawi kamene wotchi ingathe kusiyanitsa. Zinthu ziwiri zochitika mkati mwa kagawo kamodzi zimaoneka kwa wotchiyo ngati zachitika pa nthawi imodzi. Precision, kwa anthu a ntchito yoyezayeza ndiponso m'muyezo wa ISO 5725, ndiko kufanana kwa mayankho pamene chinthu chimodzi chayezedwa mobwerezabwereza. Pali chinthu chachitatu chimene aphunzitsi anu sanatchule koma chimene sichingalekanitsidwe ndi ziwirizi, chomwe ndi accuracy, kuyandikira kwa yankho ku nthawi yoona imene dziko lonse linagwirizana.

Amene anagulitsapo nandolo pa msika wa Thondwe kapena wa Jali amaidziwa sikelo yopachika ija. Mizere ya pa nkhope pake ikakhala yotalikirana theka la kilogalamu, sikeloyo singakuuzeni kusiyana kwa magalamu 100, ndipo imeneyo ndiyo resolution yake. Mukapachika thumba limodzi kasanu muvi n'kuloza 48, kenaka 49.5, kenaka 48.5, ndiye kuti precision ya sikeloyo ndi yochepa, ngakhale mizere itakhala yothithikana chotani. Koma pali sikelo ina yoopsa kuposa imeneyo, imene imaloza 47 ulendo uliwonse mosaphonya pamene thumba likulemera makilogalamu 50, ndipo mlimi amapita kunyumba wokhutira chifukwa waona muvi ukubwerera pamalo amodzi. Imeneyo ili ndi precision yabwino koma ilibe accuracy, ndipo vuto lake silingaoneke poyang'ana sikelo yokhayo, n'chifukwa chake a Malawi Bureau of Standards amayesa masikelo ndi zitsulo za kulemera kodziwika. Wogula uja akalemba m'kope lake kuti 47.000 m'malo mwa 47, maziro atatuwo sawonjezera ngakhale kambewu kamodzi ka nandolo m'thumbamo, ndipo manambala 19 a mnzanu ali ngati maziro amenewo.

Muyenera kuchenjera powerenga mabuku a makompyuta, chifukwa olemba ake sagwirizana onse pa tanthauzo la precision. Mabuku a Java, chiyankhulo china cholembera mapulogalamu, pofotokoza System.nanoTime(), amanena kuti imapereka precision ya nanosekondi koma salonjeza resolution ya nanosekondi, ndipo pamenepo precision akutanthauza kuchuluka kwa manambala olembedwa basi. N'kutheka kuti aphunzitsi anu anali ndi tanthauzo limeneli m'maganizo, poti likugwirizana bwino ndi zimene zinakuchitikirani. Mukadzalemba lipoti lanu nenani poyera tanthauzo limene mwasankha, ndipo palibe amene angakutsutseni.

Kudumpha kwa mamilisekondi 15.6 kungaoneke kwakukulu lero, koma IBM PC ya mu 1981 inkadumpha kwambiri kuposa apo. Chowerengera chake chinkayenda pa maulendo 1,193,182 pa sekondi, ndipo chikawerenga 65,536 m'pamene wotchi inkasuntha, zomwe zinkachitika maulendo 18.2 pa sekondi, mtunda wa mamilisekondi pafupifupi 55. Linux, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta monga Windows, nayo imadzutsidwa motero, kawirikawiri maulendo 100, 250, 300 kapena 1,000 pa sekondi malinga ndi mmene inakonzedwera. Sikuti okonza Windows analephera kudzutsa kompyuta pafupipafupi. Ulendo uliwonse pulosesa, yomwe ndi ubongo wa kompyuta, ikadzutsidwa imasiya kupuma kapena imasiya ntchito ina, ndipo pa laputopu zimenezo zimadya batire, nkhani imene aliyense wowerengera mayeso magetsi atazima akuimvetsa popanda kufotokozeredwa.

Mwamwayi m'kompyuta mwanu muli mawotchi angapo, osati imodzi. Kuyambira pa Pentium ya mu 1993, mapulosesa a mtundu wa Intel ali ndi chowerengera chotchedwa TSC, chimene pa pulosesa ya 3 GHz chimasuntha maulendo 3 biliyoni pa sekondi, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo atatu a nanosekondi pa kusuntha kulikonse. Kuti muone kuchepa kwa nanosekondi, kumbukirani kuti kuwala kumayenda masentimita 30 okha m'nthawi imeneyo. Windows imapereka chowerengerachi kudzera mu QueryPerformanceCounter, imene pa makompyuta ambiri a masiku ano imasuntha maulendo 10 miliyoni pa sekondi, ndiye kuti mananosekondi 100 pa kudumpha kumodzi. Mu Python mumaifikira polemba time.perf_counter(), ndipo imeneyi ndiyo munayenera kugwiritsa ntchito. Kuyambira pa Python 3.13, imene inatuluka mu Okutobala 2024, time.time() ya pa Windows nayo inasamutsidwira pa wotchi yodumpha pang'ono, moti mnzanu wina amene ali ndi Python yatsopano akhoza kuthamangitsa pulogalamu yanu yomweyo osaona vuto limene mwaonali.

Musakhulupirire mawu anga okha, yezani wotchi yanu. Lembani kapulogalamu kowerenga nthawi mobwereza mpaka nambala itasintha, kenaka kasindikize kusiyana kwa nambala yatsopano ndi yakale, ndipo kachite zimenezi maulendo ambiri. Kusiyana kochepetsetsa kumene mupeze ndiko resolution imene pulogalamu yanu ikuionadi. Python ili ndi time.get_clock_info() imene imakuuzani resolution ya wotchi iliyonse, koma imangobwereza zimene Windows kapena Linux yalengeza. Linux imalengeza nanosekondi imodzi, chonsecho kufunsa nthawi kokhako kumatenga mananosekondi makumi angapo, kotero kuti simungathe kuwerenga wotchiyo kawiri n'kupeza kusiyana kwa nanosekondi imodzi.

Mukasamukira ku perf_counter() maziro aja adzatha, ndipo m'pamene mudzakumane ndi precision maso ndi maso. Ulendo woyamba mudzapeza mwina 0.0031278, wachiwiri 0.0029841, wachitatu 0.0046502, pulogalamu yomweyo, mayina omwewo. Wotchi sinalakwe ngakhale pa ulendo umodzi. Chimene chikusintha ndi ntchito ikuyezedwayo, chifukwa pulosesa simatumikira inu nokha. Windows imatha kuimitsa pulogalamu yanu pakati kuti ipatse mpata antivirus kapena pulogalamu yoimba nyimbo, mayina anu amatha kupezeka kale pafupi ndi pulosesa kapena kukatengedwa kutali m'memory, ndipo liwiro la pulosesa limakwera ndi kutsika malinga ndi kutentha ndiponso ngati laputopu ili pa chaja kapena pa batire. Laputopu imene yaikidwa pa bulangeti masana a mwezi wa Okutobala, fani ikulira, imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse, ndipo mayankho anu adzasonyeza zimenezo.

Mankhwala ake ndi kubwereza. Gwiritsani ntchito timeit, imene imathamangitsa ntchito yanu maulendo ambiri, kapena kulitsani mndandanda wa mayina mpaka ntchitoyo izitenga sekondi yathunthu, pamene kudumpha kwa wotchi sikukhalanso nkhani. Samalani chinthu chimodzi chimene chimagwetsa ophunzira ambiri pa ntchito yosanja: mndandanda ukasanjidwa ulendo woyamba umakhala wosanjidwa kale pa ulendo wachiwiri, ndipo njira imene Python imagwiritsa ntchito imatha msanga kwambiri pa mndandanda wotero, choncho ulendo uliwonse uyambe ndi mndandanda wosokonezedwa. Polemba zotsatira perekani yankho lochepetsetsa, yankho la pakati, ndiponso kutalikirana kwa mayankho onse. Kwa ine, wophunzira wolemba kuti ntchito yatenga masekondi 0.0031278 pamene mayankho ake akusiyana ndi theka la milisekondi walakwa kuposa amene walemba kuti pafupifupi mamilisekondi atatu, chifukwa woyambayo akulonjeza owerenga chinthu chimene sanachiyeze.

Komabe mnzanu wa ku Chikanda musamunyoze, poti pali pamene kuchuluka kwa manambala kumakhaladi nkhani. time.time() imabweza nambala ya mtundu wa float, imene ili ndi malo okwanira manambala 15 kapena 16 okha, ndipo popeza masekondi owerengedwa kuyambira 1970 anapitirira kale 1.7 biliyoni, malo otsalira timagawo ta sekondi sangasiyanitse nthawi yochepera mananosekondi pafupifupi 238. Ichi n'chifukwa chake time.time_ns() inawonjezedwa mu Python 3.7 m'chaka cha 2018. Kuperewera kwa malo olembapo nambala kunaphetsapo anthu. Pa 25 Febuluwale 1991 ku Dhahran m'dziko la Saudi Arabia, makina a Patriot oteteza asilikali a America analephera kutchinga mzinga wa Scud, ndipo asilikali 28 anafa. Wotchi ya makinawo inkawerenga magawo khumi a sekondi, koma nambala ya 0.1 singalembedwe mokwanira m'kawerengedwe ka ziro ndi wani, ndipo itadulidwa kuti ikwane pa mabiti 24 (biti ndi malo amodzi olembapo ziro kapena wani) kanatsala kolakwika kakang'ono kamene kankachulukana ndi kuwerenga kulikonse. Makinawo atayaka maola pafupifupi 100 osazimitsidwa, kolakwikako kanafika masekondi 0.34, nthawi imene mzinga wa Scud umayenda mtunda wopitirira theka la kilomita.

Za accuracy, ntchito yanu ya m'kalasi siikuifuna kwenikweni, chifukwa poyeza kutalika kwa ntchito zilibe kanthu kuti wotchi ikuti ndi 8 koloko pamene ndi 9 koloko. Koma mudzaifuna tsiku limene mudzayerekeze zolembedwa ndi makompyuta awiri. Wotchi imene imayendera kabatire ka CR2032 kompyuta itazima ili ndi kamwala konjenjemera maulendo 32,768 pa sekondi, nambala imene inasankhidwa chifukwa mukaigawa pakati maulendo 15 mumatsala ndi 1. Timiyala tambiri ta mtundu umenewu timaloledwa kuphonya ndi magawo 20 pa miliyoni, zomwe ndi masekondi 1.7 pa tsiku, pafupifupi mphindi imodzi pa mwezi. Timayenda bwino kutentha kukakhala pafupi ndi madigiri 25, ndipo timatsalira kukazizira kapena kukatentha kupitirira apo, moti wotchi yogona ku Ku Chawe mu Juni ndi ina yotentha m'mbali mwa nyanja ya Chilwa mu Novembala zonse zimakokeredwa kumbuyo, osati ina kutsogolo ina kumbuyo monga ambiri angaganizire.

Makompyuta amakonza kutsalira kumeneku pofunsa maseva a pa intaneti kudzera mu NTP, njira imene David Mills wa ku University of Delaware anayambitsa ndipo inalembedwa koyamba mu 1985. Masevawo amatsatira mawotchi a atomu, poti kuyambira 1967 sekondi imawerengedwa kuti ndi maulendo 9,192,631,770 a kunjenjemera kochokera ku atomu ya caesium-133, ndipo nthawi yathu kuno ku Malawi ndi nthawi ya UTC, imene dziko lonse limawerengerapo, kuwonjezera maola awiri. NTP ndi chitsanzo chabwino cha nkhani yonseyi. Uthenga wake umalemba nthawi m'timagawo ta mapikosekondi pafupifupi 233, tochepera gawo limodzi mwa magawo anayi a nanosekondi, koma pa intaneti wamba kompyuta imangofika pa mamilisekondi angapo kapena makumi angapo kufupi ndi nthawi yoona, chifukwa uthenga sutenga nthawi yofanana popita ndi pobwera. Choncho makompyuta awiri akalemba kuti china chinachitika pa 10:15:02.417 ndipo china pa 10:15:02.421, simungalumbire kuti choyambacho ndicho chinayambadi. Dziwaninso kuti pokonza nthawi, wotchi ya time.time() imatha kubwezedwa m'mbuyo ntchito yanu ili mkati, n'kukupatsani yankho lochepera ziro, pamene perf_counter() sibwerera m'mbuyo.

FUNSO: Ndili ndi kaofesi kotayipa ndi kusindikiza makalata ku Matawale. Madzulo aliwonse ndimakopera mafayilo a makasitomala pa fulashi, ndipo pulogalamu yokopera imayenera kutenga okhawo amene asintha. Koma tsiku lililonse imakoperanso mafayilo ambiri amene sindinawakhudze, ndipo ndikayang'ana ndimaona kuti nthawi ya fayilo pa fulashi ikusiyana ndi ya pa kompyuta ndi sekondi imodzi kapena awiri. Kodi ndi vairasi? Mayi wa bizinesi, Matawale.

YANKHO: Si vairasi, mayi, ndipo mafayilo a makasitomala anu ali bwinobwino. Mafulashi ambiri amabwera atakonzedwa m'dongosolo la FAT32, limene linatengera kalembedwe ka nthawi ku makompyuta a kalekale pamene malo osungirapo zinthu anali ochepa kwambiri. Nthawi imene fayilo inasinthidwa inapatsidwa mabiti 16 okha, asanu a maola, asanu ndi limodzi a mphindi, ndipo a masekondi anatsala asanu. Mabiti asanu amatha kuwerenga zinthu 32 zokha pamene masekondi alipo 60, choncho okonza anasankha kuwerenga masekondi awiriawiri. Mukayang'anitsitsa mupeza kuti nthawi yosinthidwira ya fayilo iliyonse pa fulashi yanu imathera pa sekondi yogawika ndi 2. Kompyuta yanu imagwiritsa ntchito NTFS, imene imalemba nthawi m'timagawo ta mananosekondi 100, ndiye fayilo yosungidwa pa 14:20:07 ikafika pa fulashi imakakamizidwa kukhala pa sekondi yoyandikana nayo, ndipo mawa lake pulogalamu yanu ikaona nthawi ziwiri zosiyana imaganiza kuti fayiloyo yasintha.

Mapulogalamu ambiri okopera ali ndi posankha poti azinyalanyaza kusiyana kosapitirira masekondi awiri. Mu Robocopy ya Windows mumawonjezera /FFT pa lamulo lanu. Njira ina ndi kufomata fulashiyo kukhala NTFS kapena exFAT, imene imatha kulemba nthawi m'timagawo ta mamilisekondi 10, koma kufomata kumafufuta zonse zili m'menemo, choncho yambani mwakopera mafayilo kwina, ndipo yesani kaye ngati makina anu osindikizira akuwerenga fulashi yamtundu watsopanowo musanasinthe mafulashi onse.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Domasi ndipo ndimayang'anira masewera. Pa mpikisano wa mamita 100 tinathamangitsa ana m'magulu awiri, ine ndikuyeza nthawi ndi sitopuwotchi ya pa foni. Wopambana wa gulu loyamba anapeza 14.62, wa gulu lachiwiri 14.65, ndipo malo opita ku zoni anali amodzi. Ndinasankha woyambayo, koma kholo la mwana winayo likudandaula. Foni ndi kompyuta, ndiye ingalakwe bwanji? Mphunzitsi, Domasi.

YANKHO: Aphunzitsi, foni yanu inawerenga bwino nthawi imene inadutsa pakati pa kudina kwanu koyamba ndi kwachiwiri, koma kholo lija lili ndi mfundo. Resolution imene foni ikuonetsa ndi gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi, pamene precision ya muyezo wonse imalamulidwa ndi chala chanu. Munthu amatenga pafupifupi magawo awiri mwa khumi a sekondi kuti aone chinthu ndi kudina, ndipo nthawi imeneyi siifanana ulendo ndi ulendo. Poyambira mumadina mochedwa chifukwa simudziwa kuti chizindikiro chibwera liti, pothera mumadina msanga chifukwa mukumuona mwana akuyandikira mzere. Ngati munaima pothera n'kumadikira kumva wezulo, pali kuchedwa kwinanso, chifukwa phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, ndiye kuti limatenga pafupifupi masekondi 0.3 kuti lidutse mamita 100. Kusiyana kwa 0.03 pakati pa ana awiriwo ndi kochepa kwambiri poyerekeza ndi zonsezi.

Malamulo a World Athletics amazindikira zimenezi. Nthawi yoyezedwa ndi dzanja pa mpikisano wa pa bwalo imalembedwa m'magawo khumi a sekondi, mokwezera m'mwamba, kotero kuti 14.62 ndi 14.65 zonse zikanalembedwa 14.7, ndipo ana anu akanafanana. Oyeza amauzidwa kuyambitsa wotchi poona utsi kapena kung'anima kwa mfuti, osati pomva kulira kwake, ndipo wopambana amayezedwa ndi anthu atatu, nthawi ya pakati n'kutengedwa ngati onse asiyana. Magawo 100 a sekondi amaloledwa pokhapokha wotchi itayambitsidwa ndi mfuti yeniyeniyo ndipo pothera pali kamera, monga zinalili pamene Usain Bolt anathamanga 9.58 ku Berlin mu 2009.

Ngakhale makina otero ali ndi malire amene sali m'wotchi. Pa masewera a Olympics a mu 1972 ku Munich, osambira awiri, Gunnar Larsson wa ku Sweden ndi Tim McKee wa ku America, anamaliza mamita 400 onse pa 4:31.98, ndipo akuluakulu atayang'ana nambala yachitatu anapereka mendulo ya golide kwa Larsson chifukwa cha masekondi 0.002. Pa liwiro limene ankasambira, nthawi imeneyo ndi mtunda wa mamilimita atatu, ndipo palibe mmisiri amene angatsimikize kuti njira zonse za m'damu la mamita 50 n'zofanana kutalika mpaka pamenepo. Pambuyo pake malamulo anasinthidwa kuti nthawi zizilekezera pa magawo 100 a sekondi, ngakhale makina atakhala okhoza kuwerenga kupitirira apo. N'chifukwa chake ku Rio de Janeiro mu 2016, Michael Phelps, Chad le Clos wa ku South Africa ndi László Cseh wa ku Hungary analandira mendulo ya siliva onse atatu pa mamita 100 atamaliza pa 51.14.

Ngati tsiku la ku zoni silinafike, itanani ana awiriwo athamange pamodzi pa mzere umodzi, kholo lija lilipo. Ikani aphunzitsi awiri kapena atatu molunjika mzere wothera, ayang'ane chifuwa chimene chiyambe kudutsa, osati mutu kapena phazi, ndipo foni muigwiritse ntchito pojambula kanema muli chiimire pa mzere womwewo. Kanema wa zithunzi 30 pa sekondi amasiyanitsa nthawi ya masekondi 0.033, ndipo foni imene imajambula zithunzi 120 kapena 240 pa sekondi idzakuonetsani bwino lomwe amene watsogola.